Kuona olowa pa webusayiti yanu nthawi yomweyo: kakonzedwe ndi kawerengedwe kake

Aliyense amene anagulitsapo kachewere kapena kabichi m'mbali mwa msewu wa M1, kaya pa Bembeke kaya pa Lizulu, amadziwa kuwerenga msewu. Galimoto ikangochepetsa liwiro, iye waimirira kale. Amaona amene watsitsa galasi n'kungoyang'ana, amene wafunsa mtengo wa ndowa n'kupitirira, ndiponso amene watsika n'kutsegula buti. Pofika madzulo amadziwa ngati tsikulo linali la ofunsa kapena la ogula. Pa webusayiti sizili choncho. Munthu amalowa, kuwerenga, n'kutuluka, mwini wake osamva ndi mgugu womwe.

Ine ndimasamala mawebusayiti angapo a mabizinesi ang'onoang'ono kuno ku Dedza. Imodzi ndi ya nyumba yogona alendo yomwe imadalira anthu okaona zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni, ena opita ku Mua, komanso apaulendo odikira kuwoloka chipata cholowera ku Mozambique m'mawa mwake. Eni ake, mayi achikulire ndithu, anandifunsa tsiku lina kuti: "Achimwene, ndalama ndinalipira, webusayiti ija ilipo. Koma alipo amene amaiona?" Funso limeneli lili ndi yankho, ndipo kulipeza sikulira ndalama, kupatula bandulo ndi madzulo amodzi odekha. Zomwe ndinachita nawo ndi zimene ndikulemba pano, motsatana.

Musanayambe

Mukhale ndi akaunti ya Gmail ya mwini bizinesi, osati ya mnyamata amene anakupangirani webusayiti. Ichi ndikuchinena poyamba chifukwa ndaona anthu akutaya mbiri ya zaka ziwiri wowapangirayo atasamukira ku Johannesburg n'kusintha nambala. Akaunti ikhale yanu. Iye mumulowetsa ngati wothandiza. Mufunikanso chilolezo cholowera mkati mwa webusayiti, kompyuta, foni ina yoyesera, ndi kope wamba la ana asukulu. Kopelo musaliderere, lili ndi ntchito yaikulu kutsogoloku.

1. Tsegulani akaunti ya Google Analytics

Zida zowerengera olowa zilipo zambiri, koma tiyambe ndi Google Analytics chifukwa ndi yaulere, ndipo mukakakamira penapake simuvutika kupeza wokuthandizani. Pitani pa analytics.google.com, lowani ndi Gmail ija. Akufunsani dzina la akaunti, lembani dzina la bizinesi. Kenako mupanga chimene amachitcha Property, ndiye kaundula wa webusayiti imodzi. Posankha nthawi, ikani ya kuno kwathu, GMT+2. Mukasiya ya ku America imene imabwera yokha, malipoti anu adzakuuzani kuti makasitomala amadzuka pakati pa usiku, ndipo tsiku lanu lidzaduka pakati.

Akakufunsani komwe ziwerengero zizichokera, sankhani Web, lembani adiresi ya webusayiti. Akupatsani nambala yoyamba ndi G-, yotchedwa Measurement ID. Ikopereni m'kope. Pomwepo pali kabatani kolembedwa Enhanced measurement. Kasiyeni koyaka, chifukwa ndi komwe kamawerenga kokha zinthu monga munthu akatsika mpaka pafupi ndi pansi pa tsamba, akatsitsa fayilo, kapena akadina linki yotulukira kunja.

Chenjerani ndi mavidiyo akale a pa YouTube. Mukaona wophunzitsa ali ndi nambala yoyamba ndi UA-, dziwani kuti akunena za Universal Analytics, imene inasiya kuwerenga pa 1 July 2023. Imene ilipo pano ndi GA4, kutanthauza Google Analytics 4. Musanatseke, lowani mu Admin, pezani Data retention, musinthe kuchoka pa miyezi 2 kufika pa miyezi 14. Bizinesi ya kuno imayenda ndi nyengo, ndiye mudzafuna kufukula mwatsatanetsatane June wa chaka chino pomufananitsa ndi wa chaka chatha.

2. Ikani khodi pa webusayiti

Ngati webusayiti yanu ndi ya WordPress, njira yachidule ndi pulagini (kapulogalamu kowonjezera pa webusayiti) yotchedwa Site Kit, yopangidwa ndi Google yemwe. Mukaiika imakulowetsani ndi Gmail, mumasankha Property ija, iyo n'kuika khodi yowerengera olowa pa masamba onse. Pa Blogger pali malo mu Settings ongolembapo nambala ya G- ija. Ngati webusayiti inalembedwa pamanja, khodi yomwe Google yakupatsani imatidwe kumtunda kwa tsamba lililonse, m'chigawo cha head. Apa itanani amene anaipanga.

Khodi iikidwe kamodzi kokha. Ndinapezapo webusayiti imene wina anamata khodi pamanja, wina n'kudzaikanso pulagini pamwamba pake, tsamba lililonse n'kumawerengedwa kawiri. Mwini wake anasangalala miyezi itatu ndi ziwerengero zonenepa popanda chifukwa.

3. Yesani nokha

Pa kompyuta tsegulani Reports, kenako Realtime. Tengani foni ija, tsegulani webusayiti yanu, n'kudikira pang'ono. Pasanathe mphindi imodzi kapena ziwiri, pamene panali 0 payenera kuoneka 1. Ameneyo ndinu. Yendani pa foni kuchoka tsamba loyamba kupita la mitengo, mubwerere, mutsike mpaka pansi, uku mukuyang'ana pa kompyuta mayina a masamba akutuluka limodzi ndi mawu akuti page_view ndi scroll.

Tsiku limene tinayesa ndi mayi aja kunali nkhungu ya m'mawa ija yobisa phiri lonse, ife tili pakhonde ndi tiyi. 1 ataoneka anagwira pakamwa. "Ameneyu ndi ndani?" Ndinawalozera foni imene inali m'manja mwawo. Anaseka, n'kuyamba kudina tsamba ili ndi ilo kuti aone ngati kompyuta iwatsatira.

Ngati 0 sakusuntha, onani zinthu zitatu: ngati nambala ya G- inalembedwa bwino, ngati pulagini yosunga masamba akale, imene amati cache, yatsukidwa, ndiponso ngati browser ya pa foniyo ilibe chotchinga malonda, chifukwa zotchingazo zimatsekereza ndi Google Analytics yomwe. Poyesa gwiritsani Chrome wamba.

4. Dziwani zimene tsamba la Realtime likunena, ndi pomwe limanama

Nambala yaikulu ija si anthu amene ali pa webusayiti pa sekondi inoyi. Ndi amene achitapo kanthu m'mphindi 30 zapitazi. Munthu akhoza kukhala kuti anatseka kale foni, ali pa kabaza, koma akuonekabe. Ndiponso chomwe chimawerengedwa ndi browser, osati mutu wa munthu: yemweyo akalowa pa foni kenako pa laputopu, aoneka ngati anthu awiri.

Mapu ndiye musawakhulupirire msanga. Google imaganizira komwe munthu ali potengera adiresi ya IP, nambala imene foni kapena kompyuta imadziwika nayo pa intaneti, ndipo kwa ife a data ya pa foni adiresiyo imaloza komwe kampani ya mafoni imatulutsira intaneti yake. Choncho munthu amene ali pa Linthipe kapena pa Tsangano kawirikawiri amaoneka ngati ali ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Mayi aja anadandaula kuti a ku Dedza kuno saona webusayiti yawo, chonsecho foni yawo yomwe, ili pakhonde lawo, inkaoneka ku Lilongwe. Dziko ndiye limalondola nthawi zambiri. Mukaona Germany kapena South Africa, n'kutheka ndithu kuti ndi mlendo amene akukonza ulendo. Koma mukaona gulu lochokera mumzinda umodzi wakutali, lolowa tsamba limodzi n'kutuluka popanda ngakhale sekondi, amenewo si anthu, ndi mapulogalamu oyendayenda pa intaneti.

Musadabwenso malipoti ena akakhala opanda kanthu tsiku loyamba. Realtime yokha ndiyo ya pompopompo. Enawo amatha kutenga maola 24 mpaka 48 kuti akwanire.

5. Dzichotseni pa chiwerengero

Webusayiti ya kampani yaikulu, ogwira ntchito khumi akalowa sizisintha kanthu. Yanu, yolandira anthu ochepa patsiku, imasokonekera. Madzulo ena mayi aja anandiimbira mwachimwemwe kuti pali anthu 7 nthawi imodzi. Titafufuza, anali iwowo, ana awo awiri, wophika, mlonda, ndi anzawo awiri a kutchalitchi amene anawatumizira linki kuti aone zodabwitsazi.

Google Analytics ili ndi njira yochotsera anthu a m'nyumba potengera adiresi ya IP. Mumaipeza mu Data streams, pansi pa Configure tag settings, pa Define internal traffic. Imathandiza okhawo amene adiresi yawo sisintha. Ya data ya pa foni imasinthasintha, ndipo imodzi imatha kugawidwa kwa anthu ambiri, ndiye mukaitsekera mwina mwatsekera makasitomala. Chomwe ndimachita ine n'chosavuta: pa kompyuta ya mu ofesi ndimaika Google Analytics Opt-out Browser Add-on, ndipo ogwira ntchito ndimawapempha kuti mitengo aziionera papepala la pakhoma, osati pa webusayiti.

6. Njira iliyonse ikhale ndi linki yakeyake

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ambiri amapadumpha.

Pa Realtime pali bokosi losonyeza komwe anthu achokera. Ochokera ku Google amalembedwa google. Ochokera pa Facebook amaoneka ndi mayina monga m.facebook.com kapena l.facebook.com. Koma malonda athu ambiri amayenda pa WhatsApp, m'magulu ndi pa status, ndipo WhatsApp kawirikawiri siuza webusayiti kuti munthuyu wachokera kwa ine. Onsewo amaunjikidwa pa mzere wolembedwa direct, pamodzi ndi amene analemba adiresi pamanja. Mumangoona mulu wa anthu osadziwika kwawo.

Mankhwala ake ndi kumata chizindikiro kumapeto kwa linki musanaitumize. Zizindikirozi zimatchedwa UTM. Tiyerekeze kuti tsamba lanu la zipinda limathera ndi /zipinda. Linki yopita pa status ikhala yotere kumapeto kwake:

/zipinda?utm_source=whatsapp&utm_medium=social&utm_campaign=khirisimasi

Yopita pa Facebook musinthe mawu amodzi okha, utm_source=facebook. Tsamba lotseguka ndi lomwelo, wolowayo saona kusiyana kulikonse, koma inu muona mizere iwiri yosiyana. Simufunika kuloweza kalembedweka. Fufuzani Campaign URL Builder, tsamba laulere la Google, mudzaze mabokosi, lokha likupangirani linki.

Lembani zonse ndi zilembo zazing'ono, chifukwa WhatsApp ndi whatsapp zimawerengedwa ngati njira ziwiri. Linki iliyonse imene mwapanga ilembeni m'kope, ndi tsiku lake ndi komwe mwaitumiza; pakatha mwezi simudzakumbukira kuti "gulu2" linali gulu liti. Zizindikirozi musaziike pa malinki a mkati mwa webusayiti yanu yomwe, monga kuchoka tsamba loyamba kupita la mitengo, chifukwa zimasokoneza komwe munthu anachokeradi.

Njirayi imagwiranso ntchito kunja kwa foni. Ngati mukumata chikwangwani pa depoti kapena pa golosale, sindikizanipo QR yokhala ndi utm_source=chikwangwani. Ngati mwalipira chilengezo pa wailesi, muulutsi sangawerenge linki yaitali chonchi, ndiye pemphani wokonza webusayiti akupangireni adiresi yaifupi, monga yothera ndi /wailesi, yomwe yokha imalumphira pa linki yaitaliyo.

Poyesa linki yatsopano, itseguleni mu Incognito, zenera la Chrome limene silikumbukira kuti munalowapo kale. Bokosi la pa Realtime lija limasonyeza njira imene munthu analowera koyamba penipeni, ndiye foni yanu, poti inalowapo kale, izingoonekabe pa mzere wake wakale, inu n'kumaganiza kuti linki yalakwika.

7. Werengani otsegula buti, osati ongotsitsa galasi

Anthu 200 olowa n'kutuluka sadzaza chipinda ngakhale chimodzi. Dzifunseni: munthu akatsimikiza mtima, amachita chiyani pa webusayiti yanga? Kwa ambiri a ife, amadina batani la WhatsApp. Batanilo likhale linki ya wa.me, yotsatiridwa ndi 265 ndi nambala ya bizinesi yopanda 0 woyamba uja. Popeza linki imeneyi imatulukira kunja, Enhanced measurement imaiwerenga yokha ndi dzina loti click.

Kuti isasakanikirane ndi malinki ena, lowani mu Admin, pa Events, mupange event yatsopano, ndiye kuti chochita cha wolowa chimene mukufuna chiziwerengedwa pachokha. Itcheni whatsapp_click, muiuze kuti iziwerenga pamene event_name ndi click ndiponso link_url ili ndi mawu akuti wa.me. Ikayamba kuoneka, ichongeni ngati Key event. Dzina limeneli linalowa m'malo mwa lakale lija la Conversion mu 2024. Yesani pa foni, muone ikutuluka pa Realtime. Za batani loimbira foni, mukhoza kupempha wokonza webusayiti aliikire padera, mwina kudzera pa chida china chotchedwa Google Tag Manager.

Kuyambira apa, funso lisakhalenso loti "alowa angati?" koma "mwa olowera pa status, adina WhatsApp ndi angati, nanga mwa olowera pa Facebook?"

8. Tsegulani Realtime pa nthawi yake

Tsamba limeneli limakoka maso. Munthu ukhoza kukhala tsiku lonse ukuyang'ana 2 akusanduka 3, bandulo ikutha, makasitomala enieni akudikira pa kauntala. Ine ndimalitsegula pokhapokha ndachita chinthu chomwe ndikufuna kuona zotsatira zake: ndaika status, chilengezo changomveka kumene pa wailesi, ndasintha tsamba, kapena wina wotchuka wagawa linki yathu. Ndimalemba m'kope nthawi imene ndatumiza, chiwerengero pakatha mphindi 10, china pakatha 30, tsamba lomwe ambiri atsegula, ndi odina WhatsApp. Kenako ndimatseka. Mukachita izi kangapo, nthawi zosiyanasiyana, kopelo lidzakuuzani lokha ngati anthu anu amatsegula masana kapena usiku atadya nsima. Musatengere zimene munawerenga za anthu a ku London.

Pali chinthu china chathu chino chomwe mudzachione. Facebook idzakuuzani kuti ambiri adina linki, koma pa Realtime n'kufika ochepa. Chifukwa chimodzi ndi mabandulo. Anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha, ndipo linki yotulukira kunja siwatsegukira. Chifukwa china ndi kulemera kwa tsamba: pamene netiweki ili yofooka, monga m'makwawa otsikira ku Golomoti, munthu amadikira zithunzi zikuluzikulu mpaka kutopa, n'kubwerera khodi yowerengera isanadzuke n'komwe. Choncho mtengo ndi nambala ya foni muzilembe mu uthenga momwemo, kuti wa bandulo ya WhatsApp asabwerere chimanjamanja. Zithunzi muzichepetse musanaziike, ndipo tsamba muliyeze pa PageSpeed Insights, mbali ya foni.

Zida zina

Si onse amene Google Analytics imawakomera, ndipo kunena zoona ili ndi zipinda zambiri zosochereramo. Matomo, imene kale inkatchedwa Piwik mpaka 2018, mukhoza kuiika pa seva yanu, ziwerengero n'kukhala m'manja mwanu. Imaonetsa mlendo aliyense ndi masamba amene wadutsa motsatana, zomwe zimamveka msanga kwa munthu woyamba kumene. Plausible ndi yolipira, koma zonse zili pa tsamba limodzi ndipo ndi yopepuka. Cloudflare Web Analytics ndi yaulere ndipo siika ma cookie, timafayilo tozindikirira wolowa timene timasungidwa mu browser yake. Microsoft Clarity, yaulerenso, ntchito yake ndi ina: imakuonetsani ngati kanema momwe munthu anayendera pa tsamba, pomwe anadina ndi pomwe anaima. Ndi imene inationetsa kuti alendo ankadinadina chithunzi cha chipinda poganiza kuti chitseguka, chonsecho sichinali linki. Koma musaunjike zonsezi pa webusayiti imodzi, chifukwa chilichonse chimawonjezera katundu pa bandulo ya kasitomala. Chimodzi chowerengera chikukwana, china muziika kwa kanthawi mukafuna kufufuza vuto. Ndipo ngati mu cPanel, tsamba loyendetsera seva ya webusayiti yanu, mwapezamo chowerengera chotchedwa AWStats ikusonyeza ziwerengero zosiyana ndi za Google, musadabwe: iyo imawerenga kuchokera m'kaundula wa seva, momwe mumalowanso mapulogalamu oyendayenda aja.

Ulemu kwa olowa

Amene mukuwawerengawa ndi anthu, ena ndi anansi anu. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa munthu, Data Protection Act la 2024, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira. Ikani tsamba lalifupi lofotokoza, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, kuti webusayiti imawerenga olowa, ndi chida chanji, ndiponso chifukwa chake. Ngati mumalandira alendo a ku Ulaya, ikani kabokosi kopempha chilolezo cha ma cookie. Dzina la munthu, nambala yake kapena imelo yake zisalowe mu linki ya UTM kapena mu event iliyonse; malamulo a Google omwe amaletsa zimenezi. Ndipo ngati mwaika Clarity, onetsetsani kuti zimene anthu amalemba m'mafomu zikubisika.

Lolemba lililonse

Patulani mphindi 15. Tsegulani Reports, pansi pa Acquisition musankhe Traffic acquisition, muike masiku 7 apitawa, ndipo mzere woyamba muusinthe kuti uzisonyeza Session source / medium. Pa njira iliyonse kopererani m'kope zinthu zitatu: olowa, Engaged sessions, ndi Key events. Engaged session ndi ulendo umene munthu anakhala kupitirira masekondi 10, kapena anatsegula masamba awiri, kapena anachita key event; ndiye amene anatsikadi m'galimoto. Pambali pake lembani zimene Google singadziwe: mauthenga amene anafikadi pa WhatsApp, zipinda kapena matumba amene anagulidwa, tsiku limene magetsi anazima, sabata ya mvula, mapeto a mwezi.

Mayi aja tsopano kopelo amadzaza okha. Patatha masabata angapo anaona kuti olowera pa Google ambiri amathamangira tsamba lofotokoza njira ya ku Chongoni, osati la zipinda, ndipo pa tsamba limenelo panalibe batani la WhatsApp. Anandiimbira Lolemba lomwelo masana: "Achimwene, bwerani mudzaike batani lija pamenepa, pamwamba penipeni, ndipo mulembepo kuti wowaperekeza kumapanga timawapezera."